Tikonze pang'onopang'ono kapena tisinthiretu zonse? Za dongosolo la katundu m'depoti yathu ku Salima

Bizinesi ya banja lathu ndi yopikulitsa katundu wa m'golosale: shuga, mafuta ophikira, sopo, mchere, ufa, mpunga, zakumwa ndi tina ndi tina timene eni maokala amagulitsa m'midzi. Depoti yathu yaikulu ili pa Kamuzu Road m'tauni ya Salima, ndipo tili ndi nthambi pa boma la Nkhotakota komanso kasitolo kena m'njira ya ku Senga Bay. Ntchito yanga ndi yoyang'anira mabuku ndi chiwerengero cha katundu, motero funso limene lativutitsa chaka chino lidafikira kwa ine: kodi dongosolo lathu lakale loyendetsera katundu tizilikonza pang'onopang'ono, n'kumayesa kaye chatsopano chilichonse pamalo amodzi, kapena tilichotseretu lonse n'kuika latsopano m'nthambi zonse nthawi imodzi? Ndaona kuti n'kofunika kulemba zimene tapeza pokambirana nkhaniyi, chifukwa amalonda anzathu ambiri a m'mbali mwa nyanja muno, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa, akulimbana ndi funso lomweli, ndipo nthawi zambiri amene amawalangiza ndi munthu yemwe akufuna kuwagulitsa pulogalamu.

Dongosolo limene ndikunenali ndi njira yonse imene katundu amadutsamo, kuyambira pamene lole yaima pakhomo la depoti kufikira pamene mwini okala wamangirira katoni yake pa njinga ya kabaza. Pakati pake pali kompyuta imodzi yakale ya Windows 7, momwe muli pulogalamu imene adatilembera mnyamata wina zaka zambiri zapitazo, ndipo mnyamatayo adapita kunja kukagwira ntchito moti sitimupezanso. Pali timakadi tolembapo katundu wolowa ndi wotuluka, timene ogwira ntchito amatitchula kuti ma bin card, pali buku lalikulu la ngongole za makasitomala, pali makina otulutsira malisiti a msonkho amene amagwira ntchito paokha, komanso mafoni awiri olandirira ndalama za Airtel Money ndi Mpamba. A ku Nkhotakota amajambula masamba a buku lawo madzulo aliwonse n'kutitumizira pa WhatsApp. Chilichonse mwa zinthu zimenezi chidabwera pa nthawi yake pofuna kuthetsa vuto lenileni, ndipo chidalithetsadi. Chovuta n'chakuti palibe chimene chimapereka manambala kwa chinzake pachokha. Pamafunika munthu wokhala pansi n'kumakopera, ndipo pokopera paliponse ndi pamene chiwerengero chimasokonekera.

Taonani zimene zimachitika lole ya shuga ikafika madzulo magetsi atathima. Aganyu amatsitsa mabele mothamanga chifukwa dalaivala akufuna kubwerera kusanade kwambiri, kalaliki wa m'depoti amawerenga akuunikira ndi tochi ya pa foni n'kulemba chiwerengero pa chidutswa cha katoni, ndipo mabelewo asanasanjidwe n'komwe, makasitomala amene akhala akudikira shuga kuyambira m'mawa amayamba kugula pakhomo pomwepo. N'kovuta kuwabweza, chifukwa ena achokera kutali, ndipo shuga akasowa pamsika aliyense amafuna kupeza ngakhale bele limodzi. Choncho mabele ena amatuluka asanalembedwe kuti alowa. M'mawa mwake magetsi akayaka, wina amalowetsa m'kompyuta chiwerengero cha pa kalata yobwera ndi katunduyo, wina amalemba pa bin card chiwerengero chimene wapeza pansi, ndipo kuyambira tsiku limenelo manambala awiriwo safanananso. Palibe amene waba, palibe amene wachita ulesi, koma mabuku ayamba kale kunena zosiyana ndi zimene zili m'depoti.

Vuto lina ndi la mayina ndi miyeso. Mafuta ophikira a malita asanu a kampani imodzi adalembedwa m'kompyutamo pa mayina atatu osiyana, chifukwa aliyense amene adagwirapo ntchito pa kompyutayo, akalephera kupeza dzina lakale, ankangolemba latsopano. Sopo timagula pa katoni, timagulitsa pa katoni, pa dazeni, ndipo nthawi zina mmodzimmodzi, koma pulogalamuyo imadziwa muyeso umodzi wokha, motero wogulitsa amachita masamu a pamutu n'kulemba zimene akuganiza. Mpunga umene timagula kwa alimi a ku Lifuwu ndi ku Nkhotakota umabwera m'matumba osalemera mofanana, ndipo tikaupakira m'timapaketi ta kilogalamu imodziimodzi palibe pamene timalemba kuti thumba latulutsa timapaketi tingati.

Zotsatira zake ndi ndalama zimene zimatayika mwakachetechete. Kompyuta ikanena kuti katundu alipo pamene watha, sitimuoda, ndipo kasitomala amapita kwa wopikulitsa wina. Ikanena kuti watha pamene akadalipo kuseri kwa makatoni ena, timaoda wina n'kumangirira mpamba pa katundu wongokhala. Kutentha kwa kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala sikulekerera majarini, mabisiketi kapena zakumwa zoiwalika pakona, ndipo katundu amene tsiku lake latha timangomutaya. Pamene ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, tidaona kufooka kwina: pulogalamu yathu imasunga mtengo wogulira umodzi pa katundu aliyense, choncho sinkatha kutiuza kuti ndi makatoni angati amene tidagula pa mtengo wakale ndi angati pa mtengo watsopano, kapena kuti tigulitse pa mtengo wanji kuti tikathe kuodanso. Koma chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti chiwerengero chikaperewera, maso a aliyense amapita kwa ogwira ntchito m'depoti, anthu amene mwina sadalakwe kanthu, ndipo munthu wokayikiridwa popanda umboni sagwiranso ntchito ndi mtima wonse.

Achimwene anga, amene amayang'anira zooda katundu, ndiwo adayamba kunena kuti tisinthiretu zonse. Pa msonkhano wina wa banja adati, "Bambo, takhala tikukonza chinthu chimenechi chaka ndi chaka, ndipo chaka chilichonse tikuwonjezera buku lina ndi ntchito ina. Tiyeni tigule pulogalamu imodzi ya masiku ano, yolumikiza nthambi zonse pa intaneti, titseke kwa sabata imodzi, tiwerenge katundu, n'kuyambiranso bwinobwino." Bambo athu, amene adayamba bizinesiyi ndi okala imodzi, adayankha modekha kuti, "Mwana wanga, zimene ukunenazi ndazimva, koma sabata imene tidzatsekeyo makasitomala athu sadzasiya kugula. Adzakagula kwina, ndipo ena sadzabweranso. Nanga chatsopanocho chikadzakanika m'nthambi zonse tsiku limodzi, tidzathawira kuti?" Kenako adanena kuti ine ndikafufuze, popeza mabukuwo amakhala m'manja mwanga.

Mfundo ya achimwene ili ndi mphamvu kuposa mmene anthu okonda kusamala ndalama amavomerezera. Kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, kutanthauza kuti kompyuta yathu ikalumikizidwa pa intaneti silandiranso chitetezo chatsopano chilichonse. Pulogalamu yathu sitingaisamutsire pa kompyuta ina mosavuta, chifukwa palibe amene akudziwa mmene idalembedwera. Kompyutayo ikadzangofa tsiku lina, chifukwa cha fumbi, kutentha kapena magetsi obwera mwamphamvu, mbiri ya zaka zambiri ya malonda athu idzapita nayo limodzi. Palinso nkhani ya msonkho. Bungwe lotolera msonkho la MRA lidabweretsa makina otulutsira malisiti a msonkho aja, otchedwa EFD, mu 2014, ndipo mu 2025 lidayamba kusamutsira amalonda olembetsa msonkho wa VAT ku njira yatsopano ya EIS, imene lisiti limatuluka kudzera pa pulogalamu yolumikizidwa ndi bungweli ndipo limayenderana ndi mndandanda wa katundu wa wamalondayo. Pulogalamu yopanda mwini ngati yathuyi palibe amene angaikonze kuti igwirizane ndi njira yoteroyo. Pa zifukwa zimenezi, kunena kuti tingopitiriza kukonzakonza mpaka kalekale ndi kudzinamiza.

Asodzi a ku Senga Bay amadziwa kusiyanitsa boti lofunika kumata ndi boti lofunika kulisiya: madzi akamalowa pa mng'alu umodzi amamatapo n'kubwerera pa nyanja, koma matabwa a pansi akawola, kumata kumangochedwetsa ngozi. Dongosolo la katundu nalonso lili ndi zizindikiro zosonyeza kuti nthawi yake yatha. Ngati palibe munthu wopezeka amene angalisinthe, ngati simungatulutse manambala anu kuti muwasunge kwina, ngati lamulo likufuna chinthu chimene silingathe kuchita, ndiponso ngati kukonza kulikonse kukubala ntchito ina yokopera pamanja, ndiye kuti kukonzako sikukupititsani patsogolo. Lathu lili ndi zizindikiro zonsezi. Motero pa funso lakuti lichoke kapena likhale, achimwene akunena zoona. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa kachotsedwe kake.

Nditawerenga za makampani akuluakulu amene adasintha zonse nthawi imodzi, ndidaona kuti ndalama zambiri siziteteza munthu pa nkhani imeneyi. Kampani ya ku America ya Target idatsegula masitolo ku Canada mu 2013 ndi dongosolo latsopano kotheratu, losiyana ndi limene inkagwiritsa ntchito kwawo. Zambiri zokhudza katundu zidalowetsedwa mothamanga ndipo zinali zolakwika: miyeso ya makatoni, chiwerengero cha zinthu za m'katoni, ngakhale manambala ozindikiritsa katundu. Mapeto ake madepoti adadzaza mpaka kusowa poika, pamene mashelefu a m'masitolo anali opanda kanthu, ndipo mu Januwale 2015 kampaniyo idalengeza kuti ikutseka masitolo ake onse 133 a m'dzikolo. Panali zifukwa zinanso, monga mitengo imene ogula sadakondwere nayo, koma chisokonezo cha katundu chinali pakati penipeni pa kugwako. Chimene chidandikhudza n'chakuti zolakwika zawo zinali za mtundu womwewo wa mafuta athu a mayina atatu aja. Pulogalamu yatsopano imalandira cholakwika chilichonse chimene mwailowetsera, n'kuchifalitsa mofulumira m'nthambi zonse.

Kampani ya masitolo ya ku Germany ya Lidl idayamba mu 2011 kusintha dongosolo lake la katundu kuti lizigwiritsa ntchito pulogalamu ya SAP, ndipo mu 2018 idasiya ntchitoyo itawononga pafupifupi mayuro 500 miliyoni, n'kubwerera ku dongosolo lake lakale. Chimodzi mwa zifukwa zimene zidatchulidwa kwambiri n'chakuti Lidl inkawerengera katundu wake pa mtengo wogulira, pamene pulogalamuyo idapangidwa kuti iziwerengera pa mtengo wogulitsira. M'malo mosintha chizolowezi chake, kampaniyo idafuna kuti pulogalamu ndiyo isinthidwe, ndipo kusinthako kudakula mpaka kuilemera. Ifenso tili ndi zizolowezi zathu, monga kupereka katundu pa ngongole kwa eni maokala amene timawadziwa ndi kugulitsa pakhomo lole isanamalize kutsitsa, ndipo tiyenera kugwirizana tisanagule chilichonse kuti ndi ziti zimene tisiye, ndi ziti zimene pulogalamuyo iyenera kuzilandira.

Nkhani imene ili pafupi kwambiri ndi ife ndi ya SPAR ya ku South Africa, chifukwa nayonso imapikulitsa kwa eni masitolo oima paokha. Mu Febuluwale 2023 idayamba kugwiritsa ntchito SAP m'depoti yake ya ku KwaZulu-Natal, ndipo katundu adasiya kuyenda bwino moti kampaniyo idanena kuti m'chaka chimenecho idataya malonda a ndalama za rand pafupifupi 1.6 biliyoni. Eni masitolo ambiri adayamba kukaoda kwina, zomwe zija bambo athu ankaopa. Koma nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. SPAR idayambira chigawo chimodzi, motero idatha kuimitsa kaye ntchitoyo m'zigawo zina ndi kutumiza katundu wina kuchokera ku madepoti a zigawo zinazo. Zikadakhala kuti idasintha madepoti onse tsiku limodzi, sipakadakhala pothawira. Komabe chigawo chimene idayambiracho chinali chachikulu moti kuvuta kwake kudagwedeza kampani yonse. Kuyesa pamalo amodzi kumathandiza pokhapokha malowo akhale oti akakanika, bizinesi yonse ingathe kupirira.

Kuwonjezera apo, tili ndi zathu za kuno zimene wogulitsa pulogalamu satchula akamationetsa katundu wake. Tonse tikukumbukira mmene zinthu zidalili namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pamene dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ngakhale kuno ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene adayamba kugwira ntchito mu 2021, magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo depoti yathu imathimirwa monga wina aliyense. Netiweki nayo imadukaduka. Pulogalamu imene imaima intaneti ikaduka singatithandize. Tikufunika yotha kugulitsa ndi kulandira katundu popanda intaneti, n'kudzatumiza manambala netiweki ikabwerera. Palinso za malipiro: mapulogalamu ambiri akunja amalipiridwa mwezi ndi mwezi m'madola, ndipo m'dziko limene ndalama zakunja zikusowa, mtengo umene mwagwirizana lero sudziwika kuti udzakhala makwacha angati chaka chamawa. Wokonza pulogalamuyo naye akakhala ku Lilongwe, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera kuno, pamene Nkhotakota ili mtunda winanso woposa pamenepo, ndiye kuti tsiku limene nthambi zonse zavuta pamodzi sangafike konseko. Zonsezi sizidziwika powerenga kabuku kotsatsa malonda. Zimaoneka pulogalamuyo ikagwira ntchito m'depoti yeniyeni kwa milungu ingapo.

Ngakhale zili choncho, kuyesa pang'ono nako kuli ndi msampha wake, ndipo ndauona kwa amalonda anzathu. Wina amagula kachipangizo kowerengera barcode (timizere tozindikiritsa katundu tosindikizidwa pa paketi) n'kukagwiritsa ntchito pa kauntala imodzi, kenako chaka chimatha osanena ngati kathandiza kapena ayi. Wina amatsegula Excel (pulogalamu yolembamo manambala) ya katundu wa mtundu umodzi, wina amaika kapulogalamu ka pa foni, ndipo chilichonse chimatchedwa kuyesa, koma palibe chakale chimene chimachotsedwa. Pamapeto pake ogwira ntchito amalemba chinthu chimodzi malo anayi m'malo mwa atatu. Kuyesa kotereku nthawi zambiri kumakhala njira yozembera chisankho chimene chikuopsa mwini bizinesi. Palinso kuyesa kokondera, kumene munthu amasankha nthambi yosavuta, wogwira ntchito wochenjera kwambiri ndi mwezi wopanda makasitomala ambiri, kenako n'kudabwa kuti zimene zidayenda bwino pamenepo zikukanika kwina konse.

Maganizo amene ndidapereka kwa bambo ndi achimwene anali akuti tigamuliretu kuti dongosolo lakale lichoka lonse, tiike tsiku limene lidzatsekedwe, koma latsopanolo lilowe m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chikhale ndi funso limene chikuyankha. Kuyesa kwathu kusakhale kwa tizipangizo tosiyanasiyana tongowonjezera pa chakale. Kukhale kwa pulogalamu yeniyeniyo imene tikufuna kuti idzayendetse nthambi zonse. Ikapambana, tipitirize ndi nthambi ina. Ikalephera, tiisiye n'kuyesa ina tisanalipire ndalama zambiri.

Ntchito yoyamba sidafune pulogalamu iliyonse. Tidakhala pansi ndi kalaliki wamkulu wa m'depoti, bambo achikulire amene agwira nafe ntchito kuyambira kale, n'kuyamba kuyeretsa mndandanda wa katundu: dzina limodzi pa katundu aliyense, nambala imodzi, ndi kulemba momveka kuti m'katoni muli zinthu zingati ndiponso timagulitsa pa miyeso iti. Katundu wa m'mafakitale ali kale ndi barcode, kawirikawiri ya manambala 13, imene tingagwiritse ntchito, koma mpunga, nyemba ndi ufa zimene timapakira tokha tidazipatsa manambala athu. Bambowo adatidabwitsa ndi zimene amasunga m'mutu: amadziwa katundu amene chiwerengero chake cha m'katoni chidachepetsedwa katoniyo osasintha maonekedwe, ndiponso amene amabwera ndi zowonjezera zaulere zosalembedwa pa kalata. Titawafunsa maganizo awo pa za pulogalamu yatsopano adati, "Abwana, makinawo abwere, ine sindikukana. Koma muyambe mwakonza za pakhomopa, chifukwa katundu amasokonekera polowa, ku kompyutako amafika atasokonekera kale." Mawu amenewa ndiwo adatipatsa lamulo lakuti palibe katundu wogulitsidwa asanawerengedwe ndi anthu awiri ndi kusainidwa kuti walandiridwa, ngakhale makasitomala akudikira. Tidapatula malo pafupi ndi khomo n'kuwazunguliza ndi mzere wa penti, pamene katundu wongofika amakhala kufikira atalembedwa, ndipo tidagula nyale ya sola kuti kuthima kwa magetsi kusakhale chifukwa chozengereza.

Tidasiyanso kudalira kuwerenga kwakukulu kwa kumapeto kwa chaka, kumene kumatopetsa aliyense ndipo kumaulula kuperewera patapita miyezi yambiri, pamene palibe amene angakumbukire chimene chidachitika. M'malo mwake m'mawa uliwonse, tisanatsegule, timawerenga mitundu yochepa ya katundu, ndipo amene amayenda msanga ndi kudya mpamba wambiri, monga shuga, mafuta ophikira ndi sopo, timamubwereza pafupipafupi kuposa machesi kapena makandulo. Kusiyana kukapezeka, timafufuza tsiku lomwelo malisiti a dzulo akadali pafupi. Nthawi zambiri chimene timapeza ndi katoni yotumizidwa ku Senga Bay osalembedwa, kapena dazeni yolembedwa ngati katoni. Ogwira ntchito, amene poyamba ankaona ngati tikuwasaka, adayamba kuona kuti kuwerenga kumeneku kukuwayeretsa.

Pa malo oyesera pulogalamu yatsopano tidatsutsana kwambiri. Achimwene ankafuna depoti yaikulu, kuti phindu lioneke msanga. Bambo ankafuna kasitolo ka ku Senga Bay, kuti zikakanika tisataye zambiri. Ine ndidaumirira pa Nkhotakota. Kasitolo ka ku Senga Bay kali pafupi kwambiri, sikalandira malole ndipo sikapereka ngongole, choncho sikangatiphunzitse zimene tikufuna kudziwa. Nthambi ya ku Nkhotakota imachita zonse zimene depoti yaikulu imachita koma pa mlingo wochepa: imalandira katundu kuchokera kwa ife komanso mwachindunji kuchokera ku makampani, ili ndi makasitomala a ngongole, ili kutali ndi wokonza, ndipo mwa nthambi zathu zonse ndi imene imadandaula kwambiri za netiweki. Pulogalamu ikapirira kumeneko, ipirira kulikonse kwathu. Ikakanika, depoti ya ku Salima ikhoza kuthandiza makasitomala akuluakulu a kumeneko kufikira zinthu zitakhazikika.

Nyengo nayo tidaisankha mosamala. Malonda athu amakwera anthu akakolola ndi kugulitsa mpunga, chimanga, thonje ndi fodya, kuyambira cha mu Epulo mpaka Ogasiti, komanso pa nyengo ya Khirisimasi, ndipo m'nyengo zimenezi sitingasinthe chilichonse. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale malonda amatsika, koma ndi nthawinso imene mvula imawononga msewu wa M5 ndi milatho yake, moti wokonza akhoza kulephera kufika. Tidagwirizana kuti kuyesaku kuyambe malonda a zokolola akatsika, kuthe Khirisimasi isanafike, ndipo tidalemba pa pepala mafunso amene tidzaweruzire. Kodi chiwerengero cha m'pulogalamu chikufanana ndi cha pa shelefu tikawerenga modzidzimutsa? Kodi wogulitsa akutha kuthandiza kasitomala intaneti itaduka? Kodi kalaliki akutha kulandira lole popanda kuimbira foni wina kuti amuthandize? Kodi malisiti akutuluka mogwirizana ndi zimene MRA ikufuna? Buku lakale ndi pulogalamu yatsopano zidzayendera limodzi kwa milungu yochepa yokha, chifukwa anthu akapatsidwa njira ziwiri kwa nthawi yaitali amabwerera ku imene adaizolowera, ndipo yatsopanoyo imadzalembedwa madzulo mongokumbukira.

Kwa ogulitsa mapulogalamu amene tidalankhula nawo tidanena zofuna zathu mosabisa. Mtengo ukhale m'makwacha, wokhazikika kwa nthawi imene tagwirizana, ndipo tizilipira m'zigawo malinga ndi nthambi imene yayamba kugwira ntchito. Ogwira ntchito aphunzitsidwe m'Chichewa, m'depoti momwemo, ndi makatoni enieni. Kampaniyo ikhale ndi anthu oposa mmodzi odziwa pulogalamuyo. Chachikulu pa zonse, tikhale ndi ufulu wotulutsa manambala athu onse m'njira yoti Excel ingatsegule, tsiku lililonse limene tafuna, kuti tisadzamangikenso monga tamangikira pa pulogalamu yakaleyi. Ena adakana mfundo yomalizayi, ndipo tidasiyana nawo pomwepo. Kompyuta yakale sitidaitaye: tidapeza katswiri wokopera zonse za m'kati mwake pa chosungira china, tidaichotsa pa intaneti, ndipo tikuigwiritsabe ntchito ku Salima mpaka tsiku limene tidagwirizana.

Njira imeneyi ili ndi kulemera kwake, ndipo sindikufuna kukubisa. Kwa miyezi ingapo nthambi zathu zidzakhala zikuyenda pa madongosolo awiri osiyana, kutanthauza kuti katundu wochoka ku Salima kupita ku Nkhotakota azidzalembedwa kawiri, ndipo ntchito yofananitsa manambalawo idzakhala pa ine. Achimwene akunena zoona kuti phindu lenileni, loti munthu akhale ku Salima n'kuona katundu yense wa m'nthambi zonse nthawi imodzi, silidzaoneka mpaka nthambi yomaliza italowa. Palinso chiopsezo chakuti kuyesako kukadzayenda bwino tidzatayirira n'kuchedwetsa zotsalazo, n'chifukwa chake tsiku lotseka kompyuta yakale lidalembedwa ndipo bambo adasainira pamaso pa tonse. Sindikunenanso kuti njirayi ikuyenera aliyense. Wamalonda wa sitolo imodzi, amene katundu wake yense angawerengedwe Lamulungu limodzi, akhoza kusinthiratu zonse Lolemba m'mawa, malinga ngati mndandanda wa katundu wake uli wolongosoka.

Chimene chatsala kulongosola ndi buku la ngongole. M'bukumo muli eni maokala a ku Khombedza, ku Thavite, ku Benga ndi madera ena, amene ena adalembedwa ndi mayina a ana awo kapena a midzi yawo, ndipo ngongole zina zidabwezedwa ndi mpunga m'malo mwa ndalama. Manambala amenewa sitingawalowetse m'pulogalamu yatsopano tisanakumane ndi munthu aliyense n'kugwirizana naye pa ndalama imene yatsala, chifukwa ngongole yolakwika ikangosindikizidwa pa pepala la kompyuta imaoneka ngati chigamulo, ndipo ikhoza kuthetsa ubale wa zaka zambiri. Bambo anena kuti ntchito imeneyi aigwira okha, okala ndi okala, ndipo a mbali ya ku Nkhotakota ayamba kuwayendera mwezi wamawa, pulogalamuyo isanafike.